Moyo wa pambuyo pa chipatala: magulu a masewera olimbitsa thupi a anthu ovulala mtsempha wa msana

Munthu akathyoka msana, maso a abale onse amakhala pa chipatala. Opaleshoni ichitika liti, adokotala anena zotani, mafizo ayamba tsiku liti. Komatu kuchipatalako amakhalako masabata kapena miyezi yowerengeka chabe. Zaka zonse zotsala amakathera kunyumba, ndipo kumeneko ndi kumene thupi limayamba kubwerera m'mbuyo popanda woliona. Mikono imene inayamba kulimba kwa afizo imafooka, thupi limalemera, kachilonda kamayamba pathako, ndipo anzake amene ankabwera kudzazonda matenda amachepa mmodzimmodzi mpaka pakhomo pamangoti zii.

Bungwe la WHO limati anthu oposa 15 miliyoni padziko lonse ali ndi vuto la kuvulala mtsempha wa msana. Mu 2013 bungweli linanenanso kuti anthu amenewa ali pa chiopsezo chofa msanga mowirikiza 2 mpaka 5 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo zinthu zimafika poipa kwambiri m'mayiko osauka. Ambiri samwalira ndi kuvulala kwenikweniko ayi. Amapita ndi matenda obwera pambuyo pake: zilonda, matenda a chikhodzodzo ndi impso, chibayo, matenda a mtima. Magulu a masewera olimbitsa thupi a m'madera anayambika pofuna kuthandiza munthu pa zaka zimenezi, pamene chipatala chamaliza mbali yake.

Chimene chimawonongeka m'thupi

Mtsempha wa msana ndi chingwe chofewa, chonenepa ngati chala chaching'ono, chimene chimachokera ku ubongo n'kutsika mkati mwa mafupa a msana. Mauthenga ambiri a pakati pa ubongo ndi thupi amadutsa m'menemo. Madokotala amatchula malo ovulala ndi chilembo ndi nambala: C ndi m'khosi, T ndi msana woyang'anizana ndi chifuwa, L ndi cha m'chiuno. Wovulala pa C5 kapena C6 amafa miyendo, ndipo manja ake amagwira ntchito pang'ono chabe. Wovulala pa T10 manja ake amakhala bwinobwino, vuto limayambira cha pamchombo kutsika. Ena mtsemphawo umaleka kudutsa uthenga uliwonse, ena umadutsabe pang'ono, moti amamva akakhudzidwa kapena amatha kugwedeza chala cha kuphazi.

Ife oonera patali timangoona miyendo yosayenda. Mwiniwake amadziwa kuti nkhani ndi yaikulu kuposa pamenepo. Mtsempha womwewo ndi umene umayendetsa chikhodzodzo ndi matumbo, umatulutsa thukuta, umakweza ndi kutsitsa BP, umathamangitsa mtima munthu akamagwira ntchito yolemetsa. Kuwonjezera apo, minofu ya m'ntchafu ndi m'matako ndi imene imadya shuga wambiri m'thupi la munthu woyenda. Ikafota, shuga ndi mafuta zimatsalira m'magazi, ndipo matenda a shuga ndi a mtima amabwera munthu adakali wamng'ono. Mafupa a miyendo nawo, posanyamulanso thupi, amapepuka msanga m'zaka zoyambirira. N'chifukwa chake masewera olimbitsa thupi kwa munthu ameneyu ndi mbali ya chithandizo chake, mofanana ndi mapilitsi amene anapatsidwa potuluka.

Dokotala amene anakana kungogoneka odwala

Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, asilikali pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse ovulala mtsempha wa msana ankamwalira pasanapite nthawi yaitali. Madokotala ambiri ankawaona ngati anthu ongodikira tsiku. Zinthu zinasintha mu 1944, pamene Ludwig Guttmann, dokotala wa ubongo ndi mitsempha amene anathawa ku Germany chifukwa anali Myuda, anatsegula chigawo cha ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Guttmann analamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola 2 aliwonse, usana ndi usiku, kuti asachite zilonda. Anasamala za chikhodzodzo. Kenako anachita chimene anzake ankachiona ngati chodabwitsa: anawadzutsa odwalawo, n'kuwapatsa mpira, mauta ndi mivi.

Pa 29 July 1948, tsiku limene mpikisano wa Olympics unkatsegulidwa ku London, anthu 16 a pa njinga za olumala anapikisana kuponya mivi pabwalo la chipatalacho. Mu 1952 kunabwera gulu lochokera ku Netherlands, ndipo mu 1960 ku Rome kunachitika mpikisano umene lero umawerengedwa kuti ndi Paralympics yoyamba, wa anthu pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23.

Mbiri imeneyi imakambidwa kawirikawiri ngati nkhani ya mamendulo. Ine ndimaona kuti chachikulu chimene Guttmann anasiya si mpikisano. Anaonetsa kuti thupi lovulala likagwiritsidwa ntchito limakhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo zimenezi zimakhudza aliyense, ngakhale mayi wa zaka 55 amene sadzapikisanapo ndi munthu.

Zimene zinachitika ku Hamilton

Chitsanzo chabwino cha gulu la m'dera chili mumzinda wa Hamilton ku Canada, pa yunivesite ya McMaster. Kumeneko kuli gulu lotchedwa MacWheelers, la akuluakulu ovulala mtsempha wa msana amene anatuluka kale m'chipatala ndipo amakhala m'makomo mwawo. Amabwera pa masiku okhazikika m'chipinda chokhala ndi makina amene munthu amalowapo ndi njinga yake osasamuka, makina opalasa ndi manja, ndi zitsulo zokoka. Amene amawathandiza kumanga malamba, kusintha kulemera kwa zitsulo ndi kulemba zimene achita, ambiri ndi ophunzira a payunivesiteyo amene akuphunzira za kayendedwe ka thupi, moyang'aniridwa ndi akatswiri. Wovulala amapeza manja omuthandiza, wophunzira amapeza luso limene sakanalipeza m'buku.

Pa yunivesite yomweyo Audrey Hicks ndi anzake anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2003. Anatenga anthu 34 ovulala mtsempha wa msana. Ena ankachita masewera kawiri pa sabata kwa miyezi 9, ena ankangopitiriza moyo wawo wa masiku onse. Amene anachita masewera mpaka kumapeto mikono yawo inalimba, ankapalasa makina mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo ananena kuti ululu, nkhawa ndi kukhumudwa zinachepa.

Koma pali mbali ina ya kafukufukuyu imene imandigwira mtima kwambiri. Pafupifupi theka la amene anayamba masewera sanafike kumapeto kwa miyezi 9. Ndipo kafukufukuyo atatha, ofufuza anatsatira ena mwa amene anamaliza kwa miyezi 3, khomo la chipindacho lili chitsegukire kwa iwo. Anthuwo anayamba kujomba, ndipo ululu ndi nkhawa zinayamba kubwereranso. Makina anali omwewo, chipinda chomwecho. Chinasowa ndi munthu wowayembekezera pa tsiku ndi ola lodziwika. Aliyense amene akuganiza zoyambitsa gulu aigwire mfundo imeneyi asanayambe kufunsa mitengo ya makina.

Mlingo wake ndi wotani?

Kwa nthawi yaitali anthu ovulala msana ankangouzidwa kuti azichita masewera, osauzidwa kuti ochuluka bwanji. Mu 2018 gulu la akatswiri ochokera m'mayiko angapo, lotsogoleredwa ndi Kathleen Martin Ginis wa ku University of British Columbia ndi Victoria Goosey-Tolfrey wa ku Loughborough University, linafalitsa malangizo a mlingo atasanthula kafukufuku amene analipo. Malangizowa ndi a anthu a zaka 18 mpaka 64 amene papita chaka kapena kuposerapo chivulalireni.

Kuti thupi lilimbe, munthu achite masewera othamangitsa mtima kwa mphindi zosachepera 20, kawiri pa sabata. Awonjezere masewera olimbitsa minofu ikuluikulu imene ikugwirabe ntchito, kawirinso pa sabata, mtundu uliwonse maulendo 3, ndipo ulendo uliwonse akoke kapena kunyamula ka 8 mpaka ka 10. Amene akufuna kuteteza mtima ndi kuchepetsa chiopsezo cha shuga afike pa mphindi 30, katatu pa sabata.

Mlingowu ndi wochepa poyerekeza ndi mphindi 150 pa sabata zimene WHO imalimbikitsa akuluakulu onse, ndipo ndi dala. Ndi poyambira pamene umboni ukuonetsa kuti phindu limaoneka. Munthu amene wakhala zaka zitatu osatuluka thukuta ukamuuza za mphindi 150 amagwa ulesi asanayambe. Mphindi 20 amati ndiyesa.

Mphamvu yake munthu amaidziwa ndi mpweya. Ngati akutha kulankhula koma sangathe kuimba, ali pa mlingo wabwino. Ngati akungotha mawu awiri atatu n'kupuma, wafika pa mlingo wapamwamba. Kuwerenga kugunda kwa mtima kumasocheretsa kwa amene anavulala m'khosi kapena kumtunda kwa chifuwa, chifukwa mtima wawo nthawi zambiri sudutsa kwenikweni pa 120 kapena 130 pa mphindi ngakhale atalimbikira chotani.

Ola limodzi m'gulu

Tsiku la masewera limayambira kunyumba. Munthu amakhuthula chikhodzodzo asananyamuke, amaona khungu la kumatako ndi zidendene pagalasi, amavala zovala zosathina ndi nsapato, amatenga botolo la madzi. Akafika, mphindi zoyamba ndi zotenthetsa thupi: kuzunguliza mapewa, kutambasula mikono, kupalasa njinga pang'onopang'ono kuzungulira chipinda.

Kenako amayamba zothamangitsa mtima. Kumene kuli makina, amapalasa ndi manja. Kumene kulibe, amathamangitsa njinga pamalo osalala, amaponya nkhonya m'malere motsatira nyimbo, kapena amaponyerana mpira mofulumira.

Pa zolimbitsa minofu ndi pamene ntchito ya wothandiza imaonekera. Tiyerekeze ndi bambo wovulala pa C6, amene zala zake sizifumbata. Njinga imamangidwa mabuleki moyang'anizana ndi zitsulo za pawindo. Wothandiza amakoleka mphira wa chubu cha njinga pa chitsulo, molingana ndi chifuwa cha bamboyo, n'kumanga nsonga zake pamkono, pamwamba pa kansalu kofewa kuti mphirawo usanyule khungu. Amamanganso chitenje kuzungulira chifuwa ndi chotsamira cha njinga, poti minofu ya pamimba sigwira ndipo bamboyo angagwere kutsogolo. Akatero amaima kumbuyo, dzanja limodzi pakati pa mapewa. "Kokani, bambo, zigongono zipite kumbuyo. Mapewa asakwere m'makutu. Bwezani pang'onopang'ono." Akafika ka 10 amapuma mphindi imodzi kapena ziwiri. Ka 10 kakayamba kuphweka, njinga imabwezedwa m'mbuyo pang'ono kuti mphira ukungike, kapena amawonjezera mphira wachiwiri. Zonse zimalembedwa m'kope, chifukwa munthu akaona kuti mwezi watha ankakoka mphira umodzi ndipo lero akukoka iwiri, sabata yamawa sajomba.

Pakati pa zonsezi, mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, aliyense amapepuza matako: amaweramira kutsogolo kapena kupendekera mbali imodzi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti magazi abwerere pakhungu. Pomaliza amawongola minofu, n'kukhala pansi kucheza. Machezawo musawaone ngati kutaya nthawi. M'menemo ndi mmene watsopano amamva kwa anzake kumene kumapezeka mapaipi a mkodzo, mmene amakwerera minibasi, ndi zina zimene sangafunse dokotala pamaso pa gadiyani wake.

Sungani mapewa

Phewa silinalengedwe kuti lizinyamula thupi lonse. Koma munthu wa pa njinga amalidalira popalasa, posamuka kuchoka pabedi kupita panjinga, polowa m'chimbudzi, tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi. Ululu wa mapewa ndi wofala kwambiri pakati pa anthu amenewa, ndipo phewa likawonongeka munthu amene ankadzichitira zonse amayamba kudikira womunyamula.

Kupalasa njinga kumalimbitsa minofu ya kutsogolo, ya pachifuwa, n'kusiya ya kumbuyo ili yofooka. Mapewa amayamba kukhotera kutsogolo. Gulu lodziwa ntchito yake limachulukitsa masewera okoka kuposa okankha, limawongola minofu ya pachifuwa, ndipo limaphunzitsa kupalasa kwa mikoko yaitali yosalala m'malo momenya gudumu pafupipafupi. Anyamata ambiri amafuna kuonetsa mphamvu ponyamula thupi lonse ndi mikono maulendo ambirimbiri. Auzeni kuti mapewawo adzawafunabe ali ndi zaka 60.

Zoopsa zimene wothandiza aliyense ayenera kudziwa

Choopsa chachikulu ndi vuto limene madokotala amalitcha autonomic dysreflexia. Limagwira amene anavulala pa T6 kapena kumtunda kwake. Chinachake chikamapweteka kumunsi kwa thupi kumene munthu samva, monga chikhodzodzo chodzaza, paipi ya mkodzo yopindika, kudzimbidwa, chilonda, lamba wothina kapena chikhadabo cholowa m'mnofu, mitsempha ya magazi imafinyika, BP n'kukwera mwadzidzidzi. Ubongo umalephera kutumiza uthenga woti itsike chifukwa njira inaduka. Munthu amamva mutu kuwawa mogunda, nkhope imatentha n'kufiira, thukuta limatuluka kumtunda kwa malo ovulala, mphuno zimatsekeka, ndipo nthawi zambiri mtima umagunda pang'onopang'ono.

Apa chizolowezi chathu chimatha kupha. Munthu akadwala mwadzidzidzi timathamangira kumugoneka. Ameneyu asagonekedwe. Mukhazikeni tsonga, miyendo ilendewere pansi, masulani malamba, nsapato ndi chilichonse chothina, ndipo yambani mwaona chikhodzodzo ndi paipi chifukwa gwero nthawi zambiri limakhala pamenepo. Choyambitsa chikachotsedwa BP imatsika m'mphindi zochepa. Ikapanda kutsika, thamangirani kuchipatala, chifukwa munthu angathe kukomoka kapena kuchita sitiroko. Dziwaninso kuti ambiri ovulala m'khosi BP yawo ya masiku onse imakhala yotsika, cha m'ma 90 mpaka 110, choncho 140 imene kwa ena ndi yosadetsa nkhawa, kwa iwo ndi chizindikiro cha ngozi. Ndi bwino gulu likhale ndi makina oyezera BP ndipo lilembe BP ya masiku onse ya membala aliyense.

Vuto lina ndi losiyana ndi limeneli: BP kutsika munthu akadzuka kapena akangomaliza masewera. Amamva chizungulire, maso amachita mdima. Apa ndiye mumapendeketsa njinga chakumbuyo n'kukweza miyendo. Wothandiza ayenera kusiyanitsa ziwirizi, ndipo chosiyanitsa chachikulu ndi mutu wogunda ndi nkhope yotentha.

Kutentha nakonso si kocheza nako. Kumunsi kwa malo ovulala thukuta silituluka bwino, moti thupi limatentha osadziziziritsa. Masewera achitike m'mawa kapena madzulo, pamthunzi, ndipo pakhale nsalu yonyowa kapena botolo lopopera madzi kumaso ndi m'khosi. Ena amadzimana madzi poopa kudzinyowetsa pagulu. Zimenezi zimabweretsa matenda a chikhodzodzo, ndipo chothetsa manthawo ndi chimbudzi chimene njinga imalowa.

Pa khungu lamulo ndi lachidule. Malo ofiira kapena oderapo kuposa khungu lozungulira, olimba kapena otentha, amene sakubwerera mwakale munthu atachokapo, ndi chilonda chimene chayamba. Asakhalirepo mpaka pachire, ngakhale zitanthauze kujomba masewera. Pa mafupa, wothandiza asakoke kapena kupinda mwendo mwamphamvu powongola. Fupa lopepuka limathyoka ndi kanthu kochepa ndipo mwiniwake samva.

Mndandanda umenewu usaopseze munthu mpaka kusiya. Kukhala osachita kanthu n'koopsa kuposa zonsezi. Chofunika n'chakuti asanayambe aonane ndi afizo kapena dokotala amene akudziwa malo amene anavulala, ndipo gulu lidziwe malowo.

Mphunzitsi amene nayenso ali pa njinga

Ku Sweden, mu 1976, anthu ovulala msana anayambitsa njira imene imatchedwa Active Rehabilitation. Amasonkhana pamalo amodzi kwa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo aphunzitsi ambiri amakhala anthu amene anavulala kale. Amaphunzitsana kuimika njinga pa magudumu akumbuyo kuti idutse pa mwala kapena pa sitepe, kusamuka kuchoka pansi kubwerera panjinga, kuvala, kusambira, kusewera mpira, ndiponso amakamba momasuka za chikhodzodzo, matumbo ndi za m'banja. Njirayi inafalikira ku Poland ndi mayiko ena ambiri. Inafikanso ku Botswana, kumene mu 2010 bungwe la ku Sweden la Spinalis linathandiza boma kutsegula chigawo cha ovulala msana pa chipatala cha Princess Marina ku Gaborone.

Ku London, bungwe la Aspire lili ndi malo a masewera ku Stanmore kumene olumala ndi osalumala amachitira masewera pamodzi, ndipo linayambitsa maphunziro otchedwa InstructAbility, ophunzitsa anthu aulumali kukhala alangizi a m'majimu.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Afizo akauza mnyamata amene wangovulala kuti angathe kukwera yekha panjinga kuchokera pansi, mnyamatayo amayang'ana miyendo ya afizowo n'kunena mumtima kuti inu mukuyenda. Akaona bambo wa zaka 50, wovulala malo omwewo, akutsika pansi n'kukweranso uku akucheza, mtsutso umathera pomwepo. Gulu lopanda munthu wotere pakati pa atsogoleri ake ndi loperewera, ngakhale likhale ndi makina a mamiliyoni.

"Kodi ndidzayendanso?"

Funso limeneli limabwera tsiku loyamba, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Amene mtsempha wawo ukudutsabe uthenga pang'ono amatha kupeza mphamvu zina m'miyendo, makamaka m'chaka choyamba, ndipo ena amafika poyenda ndi ndodo. Kwa iwo kuyeserera kuima ndi kuyenda moyang'aniridwa ndi afizo kuli ndi phindu. Amene uthenga unalekeratu kudutsa ndipo papita zaka, masewera sadzalumikiza mtsemphawo. Palibe mankhwala, achikuda kapena achizungu, amene atsimikizika kuti amaulumikiza.

Mabanja ambiri agulitsa mbuzi, njinga ngakhale minda potsatira anthu olonjeza kuti wodwala adzaimirira. Gulu la masewera lisakhale m'gulu la olonjeza amenewa. Zimene lingalonjeze ndi izi: kusamuka wekha kupita pabedi, kukwera chitunda cha kumsika popanda wokukankha, kugona tulo, kuchepa kwa ululu, ndi zaka zowonjezera za moyo. Kwa mayi amene wakhala akudikira mwana wake abwere kusukulu kuti amutengere kuchimbudzi, kusamuka yekha ndi nkhani yaikulu zedi.

Chimene chimagwetsa magulu

Kawirikawiri ndi mayendedwe. Munthu angafune ndi mtima wonse, koma ngati ulendo wopita ku masewera ukufuna galimoto yahayala, kapena kondakitala akulipiritsa njinga ngati munthu wachiwiri, adzabwera kawiri n'kusiya. Kenako pamabwera chimbudzi cha khomo lopapatiza, masitepe a pakhomo, njinga yosamuyenera munthu kapena yopanda khushoni yoteteza zilonda, ndi gadiyani amene watopa ndipo alibe womupumuza. Magulu amene amakhalitsa amasankha malo apafupi ndi kumene anthu amakhala, amasunga tsiku ndi ola lomwelo, ndipo wina akajomba amamuimbira foni tsiku lomwelo kufunsa chavuta.

Nanga kwathu kuno?

Ovulala msana tili nawo m'midzi ndi m'matauni mwathu. Ena ndi a ngozi za minibasi ndi za kabaza, ena anagwa mumtengo pothyola mango kapena padenga pofolera, ena anaterereka atasenza katundu wolemera pamutu, ndipo ena sanagwe n'komwe, ndi TB ya msana imene inadya fupa mpaka kufinya mtsempha. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kumene ambiri amaphunzirira moyo wa pa njinga, ndipo yunivesite ya KUHeS imaphunzitsa afizo. Koma munthu akabwerera ku Ntchisi kapena ku Nsanje, afizo amakhala kutali, ndipo zimene anaphunzira zimatsala m'manja mwa iye ndi gadiyani wake.

Makina a ku Hamilton sitingawapeze mawa. Koma mlingo wa mphindi 20 kawiri pa sabata sufuna makina. Umafuna holo ya tchalitchi, ya mzikiti kapena kalasi ya sukulu yokhala ndi simenti yosalala ndi khomo lopanda sitepe. Umafuna machubu akale a njinga, mabotolo odzaza mchenga, zitenje zomangira, makina amodzi a BP, kope, ndi chimbudzi chimene njinga ingalowe n'kutembenuka. Umafuna afizo a pachipatala cha boma amene angabwere kudzaona membala aliyense poyamba ndi kuphunzitsa othandiza zizindikiro za ngozi, alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse limene muli munthu wosatuluka, ndi mmodzi wovulala kale amene angatsogolere. Ngakhale anthu atatu ndi gulu.

Inu a mipingo, a makomiti a chitukuko ndi aphunzitsi aakulu amene mumasunga makiyi a maholo amene amangokhala otseka pakati pa sabata, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti ovulala msana alipo angati. Apatseni holoyo Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa, ndipo konzani khomo ndi chimbudzi iwo asanafike.